Anagwa, Anadziponya Kapena Anakankhidwa? Mabuku a ku America Amene Amakana Kuyankha

Ndi usiku wa nyengo yachisanu ku Harlem, mumzinda wa New York. Anthu ali paphwando m'nyumba yosanja, pansanjika yachisanu ndi chimodzi. Wina akugogoda chitseko mwaukali, ndipo akulowa mzungu dzina lake John Bellew, mkwiyo uli tho. Wangotulukira kumene kuti mkazi wake Clare, amene wakhala naye zaka zambiri akumuyesa mzungu mnzake, ali ndi magazi a anthu akuda. Clare waima pafupi ndi zenera lotsegula, akumwetulira pang'ono ngati palibe chachitika. Mnzake wa paubwana, Irene Redfield, akuthamangira pomwepo n'kumugwira pamkono. Kuphethira kamodzi, Clare palibe. Thupi lake lili pansi, pachipale chofewa.

Umu ndi mmene limathera buku la Passing, limene Nella Larsen anatulutsa mu 1929. Papita zaka pafupifupi 100 koma owerenga sanagwirizanebe chimene chinachitika pazenera paja. Ena amati Clare anakomoka n'kugwa chagada. Ena amati anadziponya yekha ataona kuti chinsinsi chaululika. Ambiri amaloza chala Irene, amene kwa masabata angapo sankaona tulo poganiza kuti Clare akumulanda mwamuna. Mlembi amangotiuza kuti zimene zinatsatira atagwira mkono uja, Irene sanadzilole kuzikumbukira bwinobwino. Ndipo poti nkhani yonse taionera m'maso mwa Irene, iye akatsinzina nafenso tatsala mumdima.

Munthu amene anakulira pa nthano za padangotero, zimene zimatha fisi atalangidwa ndipo phunziro lili poyera, akhoza kuona ngati mlembi wamuchita chinyengo. Wakuyendetsa ulendo wonsewu n'kukusiya pamphambano. Dandaulo limeneli ndimalimvetsa. Koma mpata umene mmisiri wasiya dala pakhoma kuti paikidwe zenera ndi wosiyana ndi mng'alu, ngakhale zonse ziwiri zimalowetsa mphepo. Alembi a nthano zazitali a ku America a m'zaka za m'ma 1900 anaphunzira kusiya mipata yotere mwaluso, ndipo ukayang'anitsitsa umapeza kuti kawirikawiri mpatawo uli pamalo pamene dziko lawolo limachita manyazi kuyang'anapo: paukapolo, pakhungu la munthu, pankhanza zochitira amayi ndi ana, pankhondo.

Poyambira pake ndi kusiyanitsa anthu awiri amene timakonda kuwaphatikiza: mlembi, ndi amene m'kalasi ya Chichewa timamutcha mfotokozankhani. Mlembi ndi munthu weniweni wogwira cholembera. Mfotokozankhani ndi liwu limene mlembi walipanga kuti litiuze nkhaniyo. M'mabuku ambiri akale liwu limeneli linkadziwa zonse. Linkalowa m'mutu mwa aliyense, linkadziwa zadzulo ndi zamawa, ndipo silinkachita manyazi kukuuza kuti uyu ndi wabwino, uyu ndi woipa. Buku la Uncle Tom's Cabin la Harriet Beecher Stowe, la mu 1852, limachita kuima pakati pa nkhani n'kulankhula ndi wowerenga maso ndi maso, kumufunsa kuti akanatani akanakhala mwana wakeyo akugulitsidwa. Wowerenga sasochera, chifukwa pali womugwira dzanja.

Amene anayamba kulimasula dzanjalo ndi Henry James, wobadwira ku New York mu 1843, ngakhale zaka zambiri za moyo wake anakhala ku England. Iye ankaona kuti pamoyo palibe munthu amaona zonse, choncho nkhani izitsekeredwa m'mutu mwa munthu mmodzi, ife tiziona zokhazo zimene iye akuona, n'kumalakwitsa pamene iye akulakwitsa. Mkulu wake William James, katswiri wa za maganizo a munthu, analemba mu 1890 kuti maganizo sabwera m'zidutswa zondondozana bwino, amayenda ngati mtsinje. Mfundo ziwirizi zitakumana, zinasintha kalembedwe ka mbadwo wonse wotsatira.

Mu 1898 Henry James anatulutsa The Turn of the Screw. Mtsikana walembedwa ntchito yolera ndi kuphunzitsa ana awiri amasiye, Miles ndi Flora, panyumba ina yakumudzi yotchedwa Bly. Akuyamba kuona mizukwa ya antchito awiri amene anamwalira, Peter Quint ndi Miss Jessel, ndipo akutsimikiza kuti yabwerera anawo. Nkhaniyo akutiuza ndi mtsikanayo, ndipo palibe wina amene akuvomera poyera kuti waiona mizukwayo. Pamapeto Miles akufera m'manja mwake. Kwa zaka zambiri anthu ankaliwerenga ngati nthano yoopsa ya mizukwa basi, mpaka mu 1934 pamene wosanthula mabuku Edmund Wilson anafalitsa ganizo lakuti mizukwayo ili m'mutu mwa mtsikanayo. Zikatero ndiye kuti woopsa panyumbapo ndi mleziyo, ndipo mwana uja wafa ndi mantha amene iye wamupatsa. Komabe pali chokhumudwitsa ganizo limeneli. Mtsikanayo akulongosola maonekedwe a mwamuna amene wamuona, tsitsi lofiira ndi zina zonse, ndipo mayi woyang'anira nyumba, Mrs Grose, nthawi yomweyo akuzindikira kuti ndi Quint, munthu amene mtsikanayo sanakumanepo naye. James anakonza umboni kuti mbali iliyonse ikhale ndi poimira komanso pogwera.

Pali mwambi uja wakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Mfotokozankhani aliyense amene akunena kuti "ine" ndi kandimverere wathu: ife kunalibe, tamutuma iyeyo. Mu 1961 Wayne Booth, m'buku lake The Rhetoric of Fiction, anapereka dzina kwa kandimverere wotere, mfotokozankhani wosadalirika, ndipo dzinalo linakhazikika. Koma lisatisocheretse kuti tiziganiza za wabodza yekha. Mboni ikhoza kukhala yosadalirika chifukwa ndi mwana, chifukwa inaledzera, chifukwa imakonda woimbidwa mlandu, kapena chifukwa pali chinthu chimene nayonso ikuopa kudziuza.

Nick Carraway wa m'buku la The Great Gatsby la F. Scott Fitzgerald, la mu 1925, ndi mboni ya mtundu wokonda. Akuyamba n'kutiuza kuti bambo ake anamuphunzitsa kusafulumira kuweruza anthu, kenaka akuweruza pafupifupi aliyense amene wakumana naye. Akudzitcha mmodzi mwa anthu ochepa oona mtima amene iye akuwadziwa. Za Gatsby timamva mphekesera zokhazokha za alendo a pamaphwando ake: ena ati anaphapo munthu, ena ati anali kazitape wa Germany. Mbiri yakuti dzina lake lenileni ndi James Gatz, mwana wa alimi osauka a ku North Dakota, Nick akuibweretsa pakati pa buku, n'kuvomera yekha kuti anaimva pambuyo pake ndipo waisuntha dala. Ngakhale ngozi ya galimoto imene inapha Myrtle Wilson sitinaione. Tamva za mboni ina imene inali pamsewu, ndipo zoti ankayendetsa ndi Daisy, mkazi amene Gatsby ankamukonda, tazimva kwa Gatsby kudzera mwa Nick. M'mutu mwa Daisy sitilowamo ngakhale kamodzi. Ukulu wa Gatsby umene uli pachikuto cha buku ndi ukulu umene Nick akufunitsitsa kuti ukhalepo, ndipo wowerenga ayenera kudzifunsa ngati akuugula.

Ndiye pali mboni yonyenga dala. Humbert Humbert wa m'buku la Lolita la Vladimir Nabokov, limene linatuluka ku Paris mu 1955 ndi ku America mu 1958, ndi bambo wamkulu amene amagwirira mwana wa zaka 12. Akulemba ali m'ndende, akulankhula ndi oweruza, ndipo chilankhulo chake n'chokoma mochititsa mantha. Nkhanza zake wazikuta ndi mawu a chikondi. Dzina lenileni la mwanayo ndi Dolores, koma iye wamupatsa lina. Pakati pa mawu okometserawo mukupezeka kachiganizo konena kuti mwanayo ankalira usiku uliwonse akaganiza kuti bamboyo wagona. Apa palibe chokayikitsa pa zimene zinachitika. Chimene chikuyesedwa ndi wowerenga, ngati angamve kulira kwa mwanayo pansi pa nyimbo ya womuzunza. Ambiri analephera mayeso amenewa, n'kumalitchula bukuli ngati nkhani ya chikondi, ndipo dzina limene wogwirirayo anapatsa mwana linasanduka mawu onenera atsikana ngati kuti olakwa ndi iwo. Izi zimandiwawa, ndipo zikusonyeza kuti luso limeneli lili ndi mtengo wake.

Ernest Hemingway anatenga njira ina, yongochotsa. Mu 1932 anayerekeza nkhani yabwino ndi phiri la madzi oundana loyandama panyanja, limene gawo limodzi lokha mwa magawo asanu ndi atatu ndilo limaonekera. Ife tingati mvuu ili m'madzi: ukuona timakutu ndi maso, koma ukudziwa kukula kwa chimene chili pansi. M'kankhani kake ka mu 1927, Hills Like White Elephants, mwamuna ndi mkazi akukambirana pasiteshoni ya sitima ku Spain za kuchotsa mimba, koma mawu amenewo satchulidwa ngakhale kamodzi, ndipo sitiuzidwa chimene mkaziyo wasankha.

Koma amene anafika nazo patali ndi William Faulkner wa ku Mississippi, ndipo apa ndichedwapo. M'buku la The Sound and the Fury la mu 1929 nkhani ya banja la a Compson ikufotokozedwa kanayi. Woyamba kulankhula ndi Benjy, bambo wa zaka 33 amene nzeru zake zinaima ali mwana. Kwa iye kale ndi lero ndi chinthu chimodzi. Akamva osewera gofu akuitana wowanyamulira zibonga, liwu limene m'Chingerezi limamveka ngati dzina la mlongo wake Caddy, amayamba kubuula, ndipo nkhani imalumpha zaka zambiri m'mbuyo popanda kukuchenjeza. Kenaka akulankhula abale ake Quentin ndi Jason, ndipo gawo lomaliza likutsata kwambiri Dilsey, mayi wakuda wogwira ntchito panyumbapo. Caddy, amene onsewa akumulira kapena kumuda, alibe gawo lake. Chaka chotsatira Faulkner anatulutsa As I Lay Dying, mmene anthu 15 akusinthana kufotokoza ulendo wokaika maliro a mayi wina, m'mitu 59, ndipo mutu umodzi akulankhula ndi malemuyo.

Absalom, Absalom! la mu 1936 ndilo pachimake. Dzinali lachokera pa kulira kwa Davide pa 2 Samueli 18:33, ndipo amene akukumbukira za Amnoni, Tamara ndi Abisalomu wayamba kale kununkhiza kumene nkhani ikupita. Mafupa a nkhaniyo timawalandira koyambirira kwenikweni. Thomas Sutpen anafika m'tauni ya Jefferson mu 1833, anapeza malo aakulu, anamanga chinyumba ndi thukuta la akapolo, anakwatira n'kubereka Henry ndi Judith. Mu 1865, nkhondo yapachiweniweni ikutha, Henry anawombera mnzake wapamtima Charles Bon pachipata cha nyumbayo, Bon akubwera kudzakwatira Judith. Wopha akudziwika, wophedwa akudziwika, malo ndi chaka zikudziwika. Buku lonse likufunafuna chifukwa.

Zili ngati bwalo la milandu limene lakhala patapita zaka zoposa 40, eni mlandu ambiri atatha kufa. Mboni yoyamba ndi Rosa Coldfield, mlamu wake wa Sutpen, nkhalamba imene yasunga chidani zaka 43. Kwa iye Sutpen ndi chiwanda, ndipo zonse zachitika chifukwa cha temberero. Yachiwiri ndi bambo ake a Quentin uja wa banja la a Compson, amene sanaone kanthu koma anamva kwa bambo awo. Iwo akuti Henry anakwiya chifukwa Bon anali kale ndi mkazi wina ndi mwana ku New Orleans, koma akuvomera okha kuti chifukwa chimenechi n'chopepuka, sichingaphetse munthu. Kenaka nkhani ikusamukira kutali, m'chipinda chozizira cha ophunzira ku Harvard mu Januwale 1910, kumene Quentin ndi mnzake Shreve wa ku Canada, amene sanapondeko kumwera kwa America, akuchezera usiku wonse kulumikiza zidutswa. Pamene umboni wathera, iwo akupeka. Akupanga ngakhale anthu amene palibe akudziwa ngati anakhalako.

Chifukwa chachiwiri chikutuluka: Bon anali mwana wa Sutpen yemweyo, wa mkazi woyamba amene anamukwatira ku Haiti n'kumusiya. Ndiye kuti Bon akufuna kukwatira mlongo wake. Anyamata awiriwo akuganiza kuti Henry analimbana nazo zaka zinayi za nkhondo, mpaka anafika pololera. Ndiye pakubwera chachitatu: Sutpen anasiya mkazi uja atamva kuti ali ndi magazi a anthu akuda. Malinga ndi mmene Quentin ndi Shreve akuionera, Henry akanatha kupirira kuti mlongo wake akwatiwe ndi mbale wake, koma osati ndi munthu wakuda. Mawu amenewa ndi olemera kwambiri m'buku lonse, koma atifika kudzera mwa anyamata awiri ongoganizira, mmodzi mlendo, wina wosweka mtima amene tikudziwa kuchokera m'buku la mu 1929 lija kuti adzadzipha mu Juni chaka chomwecho.

N'chifukwa chiyani Faulkner sanangonena? Ine ndikuona kuti kuzungulira kumeneku ndiyo nkhaniyo. Azungu a m'tauniyo atha zaka makumi akupereka zifukwa zina zilizonse, temberero, mitala, tsoka, kuti asatchule chimene chili pakati pa bwalo. Chikhalidwe chawo chinamangidwa pa kukana kuti bwana ndi kapolo ali pachibale, pamene ana a bwana obadwa kwa akapolo ankayenda pakhomo pomwepo. Wowerenga akamavutika kufika pa choonadi, akulawa kuvutika kwa anthu amene sakufuna kufikapo. Taonaninso amene sanaitanidwe kudzachitira umboni. Mawu a Bon mwini timawapeza m'kalata imodzi. Clytie, mwana wa Sutpen wobadwa kwa kapolo, anakhala m'nyumbamo moyo wake wonse ndipo anaona zonse, koma palibe wamufunsa. Pamapeto ndi iye amene akutentha nyumbayo, iye ndi Henry ali momwemo. Ophunzira a pa University of Virginia atamufunsa Faulkner za bukuli chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anayankha kuti palibe munthu mmodzi angayang'ane choonadi chonse, aliyense amaona mbali, ndipo wowerenga akamva onse amapanga chithunzi chake, chimene iye ankakhulupirira kuti ndicho choona.

Ife kuphiphiritsa timakudziwa. Mwana amamva akulu akulankhula m'zining'a iye ali pomwepo osatolapo kanthu. Timadziwanso kuphiphiritsa kwa mantha. Nthawi ya chipani chimodzi alakatuli ankabisa mawu awo mwa nyama ndi nthano zamakedzana kuti bungwe lounika mabuku lisawagwire, ndipo ngakhale zinali choncho Jack Mapanje, mlembi wa Of Chameleons and Gods, anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Koma pamenepo yankho linalipo, mlembi ndi omvera ake ankalidziwa, ankangolibisira wachitatu. Za alembi a ku America amene ndikukamba pano n'zosiyana pang'ono. Nthawi zambiri palibe kiyi wobisidwa pansi pa mphasa. Mlembi wakonza kuti mayankho awiri kapena atatu akhale amoyo nthawi imodzi, ndipo limene iwe wasankha limaulula za iwe.

Tibwerere pazenera la Larsen ndi maso amenewa. M'masiku akewo, m'zigawo zambiri za America munthu wokhala ndi kholo lakuda ngakhale limodzi la kalekale ankawerengedwa wakuda. Chigawo cha Virginia chinakhwimitsa lamulo lotere mu 1924, ndipo malamulo oletsa ukwati wa mzungu ndi wakuda anathetsedwa m'dziko lonse mu 1967. Anthu oyera khungu ngati Clare ankatha kuwoloka n'kukakhala ngati azungu, koma moyo wawo wonse unkadalira kuti wina asawayang'anitsitse. Buku lonena za anthu amene maonekedwe awo sakuuza zoona silikanatha ndi chithunzi chooneka bwino. Irene naye amadziona ngati mayi waulemu, wokhulupirika ku mtundu wake, wosiyana ndi Clare. Koma chakumayambiriro kwa bukuli tikumuona akumwa tiyi pamwamba pa hotela ya azungu okhaokha ku Chicago, nayenso atadzibisa. Sitikudziwanso ngati Clare ndi mwamuna wa Irene anali pachibwenzi, chifukwa umboni wake uli m'mutu mwa Irene mokha. Larsen watipatsa mboni imene imadzinamiza m'zing'onozing'ono kuyambira tsamba loyamba, kuti ikadzatsinzina pachachikulu tisadabwe.

Si chifunga chilichonse chimene chili luso. Alipo alembi amene amasiya nkhani m'malere chifukwa iwo eni sakudziwa kumene imapita, n'kumayembekeza kuti wowerenga aziyesa nzeru zakuya. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma nthawi zina m'chigobamo mulibe nkhono. Muyeso umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi kuwerenganso. Ngati mpata unasiyidwa dala, ulendo wachiwiri umapeza zizindikiro zimene unazidumpha, monga zoti zenera lija analitsegula ndi Irene yemweyo kanthawi kochepa m'mbuyomo, n'kuponyera ndudu yake panja akuyang'ana kamoto kake kakugwa. Mafunso amachepa n'kukhala akuthwa. Ngati unali mng'alu chabe, ulendo wachiwiri umangokutopetsa.

Nkhondo ya ku Vietnam inabweretsa mtundu wina wa kukayika. Tim O'Brien, amene anamenya nawo nkhondoyo, analemba The Things They Carried mu 1990, mmene mfotokozankhani dzina lake ndi Tim O'Brien yemweyo. Akutiuza mwatsatanetsatane za mnyamata amene anamupha, kenaka m'mutu wina akuti sanamuphe iye, anangokhalapo, kenaka akuti ngakhale zimenezo wapeka. Mfundo yake ndi yakuti pali choonadi cha zimene zinachitika ndi choonadi cha nkhani, ndipo msilikali wachinyamata amene ankaopa kuyang'ana mitembo amafunika nkhani kuti aione nkhope imene anaithawa.

Toni Morrison anatenga zida zonsezi n'kuzitembenuzira kwa anthu amene Faulkner anawasiya chete. Ali mkonzi wa mabuku ku Random House, akusonkhanitsa zolemba zakale za buku la The Black Book la mu 1974, anapeza nkhani ya m'nyuzipepala yonena za Margaret Garner. Mayi ameneyu anathawa ukapolo ku Kentucky mu Januwale 1856, kuwoloka mtsinje wa Ohio utaundana, n'kufika ku Cincinnati. Osaka akapolo atazinga nyumba imene anabisalamo, anapha mwana wake wamkazi wa zaka ziwiri kuti asabwerere kuukapolo. Kukhoti mkangano unali wakuti aimbidwe mlandu wakupha, zimene zikanatanthauza kuti iye ndi mwanayo ndi anthu, kapena aweruzidwe ngati katundu wothawa malinga ndi lamulo la mu 1850. Anamubweza kwa mwini wake ngati katundu.

Apa ndi pamene panachokera Beloved, buku la mu 1987. Nkhani ikuyamba mu 1873, m'nyumba nambala 124 mumsewu wa Bluestone, mmene Sethe, mayi amene anathawa ukapolo n'kuchita zonga za Garner zaka 18 m'mbuyomo, akukhala ndi mwana wake Denver komanso mzimu wolusa wa khanda. Sitiuzidwa msanga chimene chinachitika. Chimabwera m'zidutswa, chifukwa anthu a m'bukuli atha zaka akulimbana kuti asakumbukire. Tsiku lakuphalo likafika, Morrison akuchita chinthu chimene chinandizizira m'nkhongono nditachizindikira. Akutionetsa zonse kudzera m'maso mwa azungu anayi obwera pa akavalo: mwini akapolo amene amangotchedwa mphunzitsi, mwana wa mbale wake, wosaka akapolo ndi mkulu wa apolisi. Tikulowa m'kashedi mmene Sethe wathawira ndi ana ake tili ndi maganizo a munthu amene akuwerengera katundu wake woonongeka. Kenaka tikumva mbali ya Stamp Paid, bambo amene anawolotsa Sethe pamtsinje ndipo analipo tsikulo. Pomaliza ndi pamene Sethe akuyesa kufotokozera Paul D, mnzake wakale wa paukapolo, akuzungulirazungulira m'khitchini, mawu akenso akuzungulira osafika pakati. Wowerenga wayamba waona mayiyu mmene dziko linamuonera, ngati chilombo, ndipo ayenera kuyenda yekha ulendo wochoka pamenepo.

Nanga Beloved ndi ndani? Mtsikana wa zaka 19 kapena 20 akutuluka m'madzi atavala bwinobwino n'kudzakhala pachitsa pafupi ndi nyumba ija. Khungu lake n'losalala ngati la khanda. Dzina limene akutchula ndi liwu limodzi lokha limene Sethe anakwanitsa kulembetsa pamwala wa pamanda. Ali ndi chipsera pakhosi, ndipo akudziwa nyimbo imene Sethe anapekera ana ake okha. Kwa ambiri a ife, amene tinakula tikumva kuti wakufa mokwiya sagona, palibe chovuta apa: mwana wabwera kudzafunsa mayi ake. Koma Morrison waikamo njira zina ziwiri. Stamp Paid akukumbukira za mtsikana amene mzungu wina anamutsekera m'nyumba kuyambira ali wamng'ono cha ku Deer Creek, mzunguyo anapezeka atafa ndipo mtsikanayo anasowa. Ndipo Beloved akapatsidwa mpata wolankhula yekha, m'mutu wa mawu oduka opanda zizindikiro za m'kalembedwe, zimene akukumbukira si kashedi kaja ayi. Akukumbukira kukhala chonjuta m'malo othina pakati pa akufa, amuna opanda khungu, mitembo ikuponyedwa m'madzi, ndi mayi amene anamusiya n'kulowa m'nyanja. Izi ndi za m'sitima zonyamula akapolo kuchoka ku Africa.

Mayankho atatuwa sakulimbana ngati a pazenera la Larsen, pamene limodzi likakhala loona enawo agwa. Apa akusanjikizana. Morrison analipereka bukuli kwa anthu 60 miliyoni ndi kuposerapo, kutanthauza amene anatayika m'malonda a akapolo, ambiri mwa iwo osasiya dzina kapena manda. Mtsikana mmodzi wosadziwika bwino akutha kunyamula onsewo chifukwa chakuti sanakhomeredwe pa dzina limodzi. Akanakhala mzukwa wa mwana wa Sethe basi, ikanakhala nkhani ya banja limodzi. Morrison ananenapo kuti pa funso lakuti Sethe analakwa kapena ayi, woyenera kuweruza ndi mwana wophedwayo yekha, n'chifukwa chake anamubweretsa. Koma mwanayo atabwera sakugamula mlandu. Akungofuna mayi ake, mwadyera, mpaka Sethe akuwonda iye akunenepa.

Amene akuthetsa zinthu ndi amayi a m'deralo, okwana 30, omwe aja anamusala Sethe zaka zonsezi. Akubwera pamsewu akupemphera ndi kuimba. Nthawi yomweyo mzungu wina wachifundo akufika pangolo kudzatenga Denver kuti akayambe ntchito, ndipo Sethe, poona chipewa chake, akuyesa kuti tsiku lija labweranso. Ulendo uno sakuthamangira mwana, akuthamangira mzunguyo ndi chosongola choswera madzi oundana, ndipo amayi aja akumugwira. Pocheuka, Beloved palibe. Ena akuti anaphulika, kamnyamata kena kakuti kanaona mkazi wamaliseche akudutsa m'nkhalango cha kumtsinje. Pang'ono ndi pang'ono onse akumuiwala, ngakhale amene ankalankhula naye. Masamba omaliza akubwereza katatu chiganizo chimene m'Chingerezi chimamveka pawiri, kuti iyi si nkhani yoti n'kuuza ena, komanso kuti si nkhani yoti n'kuilambalala. Kuseri kwa nyumba ija, m'mbali mwa mtsinje, mapazi ake amaoneka n'kuzimiririka. Mwana kapena wamkulu akapondamo amakwanamo ndendende, ndipo akachotsa phazi amafufutikanso ngati sipanadutse munthu.